Mdadada umene unaima pamawindo

Ndili Sitandade 6, pasukulu ina kufupi ndi kwathu ku Bembeke anayamba kumanga mdadada wa makalasi awiri. Tinkauwerengera masiku. Azimayi anatuta mchenga ndi ndowa kuchokera kumtsinje, azibambo anaumba njerwa n'kuotcha uvuni, ndipo bambo anga, amene ndi mmisiri womanga, anali m'gulu la olembedwa ntchito. Khoma linakwera msanga mpaka pamawindo. Kenaka zii. Dzinja loyamba linapeza khoma lili pamenepo, lachiwiri linalipezanso pomwepo, udzu utamera m'kati, mbuzi zikugonamo. Ife tinapitiriza kuphunzirira pansi pa mtengo. Amene akuchidziwa chisanu cha ku Dedza mu Juni, nkhungu itakuta phiri lonse, akudziwa mmene zimawawira kukhala pamwala 7 koloko m'mawa uli ndi kadiresi kamodzi.

Mudzi wonse unali ndi yankho limodzi: kontirakitala wadya ndalama. Bambo okha ndi amene sankanena choncho, chonsecho ndiwo anali ndi chifukwa chokwiyira, poti malipiro awo a mwezi womaliza sanawaone mpaka lero. Ndikawafunsa ankangoti, "Mwanawe, nyumba siima tsiku limene waiona itaima. Imakhala inayamba kale kuima." Nthawi imeneyo mawuwa anangondidutsa. Anadzandilowa patapita zaka zambiri, ndili chaka chomaliza ku yunivesite, kafukufuku atatsala pang'ono kundikanika.

Ndikulemba izi chifukwa cha mafunso amene ndimakumana nawo ndikapita kumudzi. Makolo amafunsa ngati mwana wamkazi akapita kukaphunzira zomangamanga sakutaya zaka pachabe. Ana a Folomu 4 amafunsa kuti kumeneko amaphunzitsako chiyani chimene mmisiri sachidziwa. Palinso ang'ono anga a chaka chomaliza amene amandiimbira usiku, mutu wa kafukufuku utawazunguza. Onsewa ndiwayankha ndi nkhani imodzi yomweyi.

Njira yolowera njosabisika. Pa MSCE pamafunika makirediti osachepera 6 kuphatikizapo Chingelezi, ndipo kwa wofuna zomangamanga, masamu ndi fizikisi ndiwo msana. Malo amafunsira kudzera ku bungwe la NCHE, limene limayendetsa ntchito yosankha ophunzira m'mayunivesite a boma. Ine ndinasankhidwa kupita ku Polytechnic ku Blantyre ikadali pansi pa University of Malawi. Mu 2021 inaima payokha n'kukhala MUBAS, choncho ndinalowa ili ndi dzina lina, ndinatuluka ili ndi lina. Fizi inachokera ku ngongole ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, ndipo chakudya ndi lendi analipira ndi kachewere wa kudimba kwa amayi. Mafomu a ngongoleyi lembani nthawi yake, ndipo muzilemba mukudziwa kuti ndi ngongole ndithu, idzabwezedwa kuti enanso aphunzire.

Ndinachita Quantity Surveying. Kumudzi ankaganiza kuti ndikuphunzira kuyeza malo, koma ntchito yake ndi ina. Umatenga pulani ya nyumba n'kuisandutsa manambala: dothi lokumbidwa pamaziko ndi makiyubiki mita angati, konkire ifunika yochuluka bwanji, zitsulo za Y12 (zoika m'konkire, zonenepa mamilimita 12) zingati, malata angati, misomali makilogalamu angati. Zonsezi zimalembedwa m'buku lotchedwa BOQ, ndipo m'menemo ndi mmene makontirakitala amaikamo mitengo yawo popikisana. Pambali pa kuyezako tinkaphunzira kayendetsedwe ka ntchito yonse, kuyambira malamulo a makontirakiti, ndondomeko ya masiku, chitetezo cha antchito, mpaka kalowedwe ndi katulukidwe ka ndalama. Mbali imeneyi ndi imene amaitcha construction management. Ku South Africa, monga ku University of Cape Town ndi ku Wits, munthu amatha kuitenga ngati digiri yapayokha. Ine ndi mbali imene inanditenga mtima.

Phunziro limene linanditsegula maso ndi la critical path. Pa ntchito yomanga pali zinthu zina zimene zingadikire sabata yathunthu popanda kuononga kanthu, monga kupenta mafelemu a zitseko. Koma pali zina zimene zimalumikizana ngati unyolo. Sungakhome denga usanathire bimu, sungathire bimu khoma lisanafike, ndipo bimu ikathiridwa imafuna masiku ake kuti ilimbe, kaya ukufulumira kaya ayi. Chinthu chimodzi cha mu unyolo umenewu chikachedwa tsiku limodzi, nyumba yonse yachedwa tsiku limodzi. Aphunzitsi akujambula mivi pabolodi, ine maganizo anali ku Bembeke. Ndinkadzifunsa kuti pa mdadada wathu uja, mphete imene inayamba kuduka inali iti.

Pa atachimenti, nthawi imene amatitumiza kukaphunzira pamalo a ntchito, ndinaphunzira zimene bolodi silingaphunzitse. M'kalasi tinaloweza kuti konkire ya 1:2:4 ndi muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya kwale, ndiponso kuti kiyubiki mita imodzi imadya matumba 6 a makilogalamu 50 ndi kanthu pang'ono. Tinadziwa kuti konkire amaiyesa poumba timabuloko ta mamilimita 150 mbali zonse, n'kukatiphwanya pamakina pa tsiku la 7 ndi la 28. Koma anali a kapitawo, bambo wachikulire amene sukulu analekezera ku pulayimale, amene anandionetsa kuti mchenga wonyowa umafufuma, kotero kuti wilibala yodzadza m'mawa mvula itagwa ili ndi mchenga wochepa kusiyana ndi wilibala yomweyo masana a Okutobala. Ndiwonso anandiphunzitsa kuika mchenga m'botolo, kuthiramo madzi ndi kamchere pang'ono, kukhutchumula n'kulisiya maola angapo. Mchenga umakhala pansi, dothi limadzakhala pamwamba pake ngati mkanda, ndipo mkandawo ukakula ndiye kuti mchengawo ufooketsa konkire. Ndikalakwitsa ankati, "Achemwali, bwerani muone," osandichititsa manyazi pamaso pa anyamata. Kwa atsikana amene mukuopa pasaiti ndinene zoona: mawu achipongwe mudzawamva, makamaka sabata zoyamba. Chimene chinandithandiza ndi kufika m'mawa, kuvala majombo ndi chipewa ngati wina aliyense, ndi kufunsa akuluakulu mwaulemu zimene sindikudziwa.

Tsopano za kafukufuku, poti ndi pamene pagona nkhani.

Mutu wanga woyamba ndinautola pa intaneti. Unali wa mapulogalamu a pakompyuta ojambulira nyumba, ndipo unkamveka waukulu. Aphunzitsi ondiyang'anira anauwerenga, n'kuika pepalalo pambali. Anandifunsa kuti, "Kwanuko, pa nkhani ya zomanga, chimene chimakupwetekani mtima n'chiyani?" Ndinawafotokozera za mdadada uja, mbuzi ndi chisanu chomwe. Anati, "Ndiye mukuthawiranji?" Ananditumiza ku laibulale kuti ndikaone zimene ena analemba kale zokhudza kuchedwa kwa ntchito zomanga.

Zolembedwa zilipo zambiri. Pali kafukufuku wotchuka wa Assaf ndi Al-Hejji wa mu 2006 wa ntchito zikuluzikulu za ku Saudi Arabia, amene ophunzira ambiri amatengerako mndandanda wa zifukwa. Kwathu kuno, Kamanga ndi Steyn anasindikiza mu 2013 kafukufuku wa zimene zimachedwetsa ntchito za misewu m'Malawi, ndipo zina mwa zimene zinali pamwamba ndi kusowa kwa mafuta, kuperewera kwa ndalama zoyendetsera ntchito kwa kontirakitala, kusowa kwa ndalama zakunja, ndi kuchedwa kulipira kwa mwini ntchito. Ndinawerenga mpaka ndinaona mpata wanga. Zambiri mwa zimene ndinapeza zinkakamba za misewu ndi nyumba zosanja, za makampani okhala ndi magalimoto ndi maakaunti. Za kamdadada ka makalasi awiri kumudzi, kumene mchenga amatuta ndi azimayi ndipo woyang'anira ndi komiti ya anthu ongodzipereka, sindinazipeze mokwanira. Mutu wanga unakhala umenewo: zimene zimaimitsa ntchito zing'onozing'ono za chitukuko m'boma la Dedza.

Ndinachita zimene ambiri amachita. Ndinatenga mndandanda wa zifukwa m'mapepala a ena, n'kupanga mafunso a Chingelezi oti munthu azichonga kuyambira 1 mpaka 5, 1 kutanthauza kuti chifukwacho n'chosafunikira, 5 kuti n'chachikulu zedi. Mayankho otere amawerengedwa ndi njira ya RII: umaphatikiza manambala onse amene anthu apereka pa chifukwa chimodzi, n'kugawa ndi 5 kuchulukitsa ndi chiwerengero cha oyankha. Chifukwa chimene chayandikira 1 ndiye chachikulu. Masamu ake ngosavuta. Ndinasindikiza mapepala 45, n'kukwera basi ya pa M1 mtima uli m'malo.

Anabwerera mapepala 12. Mwa amenewo, ena anachonga 3 kuyambira pamwamba mpaka pansi. Makontirakitala anachonga 5 paliponse pamene pankatchula mwini ntchito, oimira eni ntchito anachonga 5 paliponse pamene pankatchula kontirakitala. A m'makomiti ambiri sanalembe kanthu. Tcheyamani wina anandibwezera pepala ndi manja awiri, nati, "Pepani mayi, ife izi zingatimangitse." Ankaganiza kuti ndatumidwa ndi ofufuza za katangale. Usiku umenewo ndinalira, chifukwa ndalama ya mayendedwe inali itapita ndipo ndinalibe choti ndikaonetse.

M'mawa bambo anandipeza pakhonde ndi mapepala aja. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Kwa amfumu unapitako?" Ndinali ndisanapiteko. Lachiwiri, "Anthuwo unakhala nawo pansi, kapena unangowapatsa mapepala uli chiimire?" Kenaka anatenga pepala limodzi, ndikuwamasulira mzere ndi mzere. Titafika kumapeto anati, "Madzi sindinawamve. Maliro sindinawamve. Msewu wa matope sindinaumve. Ukufunsa za ntchito ya kuti?" Pamenepo ndinazindikira kuti ndinabweretsa mafunso a ku Saudi Arabia kwa anthu a kwathu kwa mfumu Kamenyagwaza.

Ndinayambiranso, aphunzitsi anga atavomereza. Ndinasankha ntchito zitatu zimene zinali m'kati: ina kumtunda kozizira kwathu kuno, ina cha ku Linthipe, ina kumunsi, ukatsika Khwekhwelere kulowera ku Golomoti. Eni ntchitowo anali osiyanasiyana, ndipo sindiwatchula, ngakhale midzi yake, chifukwa ndinalonjeza. Paliponse ndinayambira kwa amfumu, nditanyamula kalata ya ku yunivesite, n'kufotokoza m'Chichewa kuti ndine mwana wa sukulu, wa kwakutikwakuti, ndipo dzina la munthu silidzalembedwa paliponse. Kenaka ndinagula makope atatu a hadikava n'kupereka kwa alembi a makomiti. Ndinawapempha kuti tsiku lililonse azilemba zinthu zinayi zokha: kunja kwacha bwanji, abwera ndani, agwira ntchito yanji, ndipo ngati ntchito yaima, chaimitsa n'chiyani. Loweruka lililonse ankajambula masambawo n'kunditumizira pa WhatsApp, ine n'kuwatumizira mayunitsi. Ndikapeza mpata ndinkapitako pa kabaza, n'kukhala tsiku lonse pasaiti.

Makope amenewa ndiwo anakhala kafukufuku wanga. Mlembi wa kumunsi anali mayi wogulitsa tomato, wolemba mosamala kuposa ophunzira ambiri amene ndinakhala nawo m'kalasi. Tsiku lina analemba kuti, "Amisiri abwera 4. Mjigo wafa, madzi palibe. Aweruka 10 koloko." Mzere umodzi womwewo unandiuza zambiri kuposa mapepala 12 aja.

Choyamba chimene chinaoneka n'chakuti ntchito zonse zitatu zinayamba mochedwa m'chaka. Nyengo yomangira kwathu kuno ndi kuyambira mvula ikatha, cha mu Meyi, mpaka isanabwerenso cha mu Novembala. Koma kukonza mapepala, kuitanitsa makontirakitala ndi kusaina zinadya miyezi yabwinoyo, maziko n'kukumbidwa kumapeto kwa chilimwe. Ndondomeko ya masiku imene inali mu kontirakiti sinasinthe, ngati kuti Disembala ndi Juni n'chimodzimodzi. Mvula itayamba, lole ya kwale inakanika kukwera msewu wa katondo wa kumtunda, ndipo m'kope muli masiku otsatizana olembedwa mawu amodzimodzi: "Lole sinafike." Apa mpamene ndinawamva bambo. Ntchito ija inayamba kuima tsiku limene anasaina mochedwa, amisiri asanagwire n'chingwe chomwe.

Chachiwiri ndi chimene chimandikhudza kwambiri, chifukwa amayi anga anali m'gulu la otuta mchenga aja. M'mapepala a ntchito zoterezi mumakhala mzere wakuti anthu a m'mudzi adzapereka mchenga ndi madzi. Mzerewu supatsidwa ndalama, supatsidwanso masiku. Koma mchenga ndi madzi zili pakatikati pa unyolo uja. Ndiye taganizani Okutobala ndi Novembala kumudzi. Anthu ali kalikiliki kuunga mizere, ena akugona pamzere wa feteleza wotsika mtengo, ena akuthirira kudimba. Mjigo ndi umodzi, madzi atsika, ndipo m'mawa ndi wa madzi akumwa. Kukagwa maliro, mudzi wonse ndi midzi yoyandikana sugwira ntchito, ndipo palibe munthu wanzeru amene angatsutse zimenezo. Konkire ikathiridwa imafuna kuthiriridwa masiku osachepera 7, chifukwa simenti salimba pouma, amalimba ndi madzi. Kumunsi kotentha kuja pansi pa kalasi panang'ambika sabata isanathe chifukwa madzi othirira anasowa. Kumtunda vuto limakhala lina: nthawi yozizira konkire imachedwa kugwira, ndipo wofulumira kuchotsa matabwa amaphwanya makona a bimu. Boma limodzi lomweli, nyengo ziwiri, koma ndondomeko ya masiku ngati yokoperana.

Anthu akalephera kututa, lipoti limati anthu a kumudzi ndi aulesi. Mawu amenewa ndimakana nawo mpaka pano. Mayi amene wadzuka 4 koloko, watunga madzi a pakhomo, walima mpaka dzuwa litakwera, kenaka n'kusenza ndowa za mchenga kwaulere, si waulesi. Wolakwa ndi amene anakonza ndondomeko osafunsa kuti mayiyo amakhala ndi mpata mwezi uti.

Chachitatu ndi ulendo wa ndalama. Kontirakitala akamaliza gawo, amayembekeza woyang'anira kuti abwere adzayeze. Akayeza amalemba satifiketi, satifiketi imayenda m'maofesi kusainidwa, ndalama n'kutuluka, ndipo pa ndalamayo amadulapo kagawo kosunga mpaka nthawi yokonza zolakwika itatha. Kampani yaikulu imapirira chifukwa ili ndi kobwereka. Kontirakitala wamng'ono, wolembetsedwa bwinobwino ku bungwe la boma loyang'anira ntchito zomanga koma wopanda chikole cha ku banki, amathamangira katapila. Akalephera kulipira amisiri, amisiriwo sakhala pansi, poti ana akufuna nsima. Amapita ku Lilongwe kapena kukagwira ganyu kwina. Ndalama ikadzatuluka, ayambe kuwasaka. M'makope aja munkaoneka bwino kuti ntchito siyambiranso tsiku limene ndalama yafika. Pamadutsa masiku ena osonkhanitsa anthu ndi kugulanso zipangizo.

Ndili m'kati mwa zonsezi, mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, itagwetsedwanso kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Mitengo ya simenti, zitsulo ndi malata inakwera nthawi yomweyo. Makontirakiti amene ndinkawatsatira anali a mtengo wokhazikika, opanda ndime yolola kusintha zinthu zikakwera. Apa pali chinanso chimene ambiri sachiona. Kuyambira 2018 pali malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za mabungwe, pofuna kuteteza mitengo. Cholinga chake ndikugwirizana nacho, poti ndaona ndi maso anga mmene mapiri athu ayerera. Koma kale njerwa ankapereka ndi anthu a m'mudzi, pamene mabuloko amadya simenti. Ndiye kuti khoma lonse tsopano limadalira mtengo wa simenti, ndipo wokonza bajeti ayenera kuziwerengera zimenezo.

Kontirakitala wina anandilola kulemba mawu ake popanda dzina. Tinakhala pa mulu wa mabuloko, iye akufikisa kona ya buloko ndi chala, mchenga n'kumayoyoka. Anati, "Achemwali, inu mwaphunzira, tandiwerengerani. Mtengo ndinalemba kwacha isanagwe. Ndisiye ntchito anditenge ngati wakuba, kapena ndichepetse simenti?" Anali atachulukitsa mabuloko otuluka pa thumba limodzi. Ndinamumvera chisoni, koma sindinamuvomereze, ndipo ndinamuuza pamaso kuti ndikawadziwitsa a komiti, chifukwa pansi pa khoma limenelo padzakhala ana. Khoma lotero likapakidwa pulasitala ndi laimu limasanduka chikomekome cha mkuyu. Panali njira yachitatu imene iye sankaidziwa bwino: kulemba kalata kwa mwini ntchito nthawi yomweyo, kusonyeza malisiti a mitengo yakale ndi yatsopano, n'kupempha kukambirana kapena kuchepetsa kukula kwa ntchito m'malo mochepetsa simenti. Makontirakitala ang'onoang'ono ambiri ndi amisiri abwino amene sanaphunzitsidwepo kuwerenga kontirakiti. Pamenepa mpamene ndinaona phindu lenileni la maphunziro anga.

Kuba nakonso kulipo, ndisabise. Pa ntchito imodzi matumba olembedwa kuti alowa m'sitolo sankagwirizana ndi amene anagwiritsidwa ntchito, ndipo amene anazitulukira ndi mlembi wa komiti mwini, powerenga kope lake. Koma ngakhale pamenepo, masiku ambiri otayika sanatayike chifukwa cha kubako. Mawu akuti "wadya ndalama" nthawi zina ndi oona, koma amatseka mafunso ena onse, ndipo ntchito yotsatira imadzagwa m'dzenje lomwelo.

Nditatolera zifukwa kuchokera m'makope ndi m'zokambirana, ndinabwereranso ku manambala, koma mwa njira ina. Mafunso ndinawalemba m'Chichewa, ndipo ndinkafunsa pakamwa titakhala pamphasa. Kwa amene kuchonga kunkawavuta, ndinkaika njere 5 za chimanga patsogolo pawo, n'kutchula chifukwa chimodzi, iwo n'kukankha njere molingana ndi kukula kwa vutolo. Azimayi ndinkawafunsa paokha, chifukwa pamaso pa amfumu ndi atcheyamani ambiri ankangovomereza. RII ija ndinaiwerengera ndithu, koma tsopano inali ndi poimira. Chimene chinkatuluka m'manambala ndinkachiyerekeza ndi masiku a m'makope ndi mawu a anthu, ndipo pamene zitatuzi zinkasemphana ndinkalemba kuti zasemphana.

Tsiku loteteza kafukufuku, mmodzi wa ofunsa anati, "Kodi ntchito zitatu zingayankhulire Malawi yense?" Ndinayankha kuti ayi, zikuyankhulira malo atatuwo, koma zikusonyeza mafunso amene wofufuza maboma ambiri ayenera kufunsa. Anagwedeza mutu n'kupita ku funso lina. Musamaope kunena malire a ntchito yanu. Chimene ofunsa sakhululuka ndi manambala opeka ndi ndime zokopera, ndipo amazizindikira msanga kuposa mmene ophunzira amaganizira.

Zina zing'onozing'ono zimene ndikanakonda wina akanandiuza ndi izi. Ndalama yambiri ya kafukufuku wa kumudzi imathera pa mayendedwe, makamaka kabaza nthawi ya mvula, choncho sankhani malo amene mungathe kufikako kangapo, osati ambiri oti mukangopondako kamodzi. Musalipire munthu kuti akuyankheni, chifukwa adzakuuzani zimene akuganiza kuti mwagula, koma mayunitsi a amene akukutumizirani zithunzi ndi udindo wanu. Musajambule mawu a munthu asanavomere. Zimene mwamva lembani usiku womwewo. Ntchito yanu isungeni pa laputopu, pa fulashi ndi pa imelo, chifukwa ndinaona mnzanga akuyambiranso mutu wathunthu laputopu itabedwa m'minibasi.

Nditamaliza ndinabwerera ku makomiti atatu aja kukanena zimene ndinapeza, ndi kubweza makope awo, ine n'kutsala ndi zithunzi. Ofufuza ambiri sabwerera, ndipo n'chifukwa chake wotsatira amalandiridwa ndi nkhope zokayika. Pano ndikugwira ntchito ku Lilongwe pansi pa akuluakulu olembetsedwa, kukonzekera kudzalembetsa nanenso ku bodi yoona za akatswiri ojambula mapulani ndi owerengera zomanga. Digiri payokha sikupatsa chilolezo chosainira ntchito, pamafunika zaka zophunzira pantchito.

Mdadada wa kwathu uja unadzafoleredwa ndili kale ku sekondale, atagwetsa mizere yapamwamba imene mvula inaifewetsa. Chaka chino komiti ya pasukulu yomweyo ikufuna kumanga nyumba ya mphunzitsi, ndipo anandiitana. Tinakhala m'kalasi lomwelo, amfumu, ahedi, azimayi a komiti ndi bambo. Sitinayambe ndi pulani. Tinayamba ndi kulemba miyezi pabolodi, azimayi n'kumanena okha nthawi imene amapuma. Anagwirizana kuti mchenga atute akangomaliza kukolola, migolo ya madzi ibwerekedwe maziko asanakumbidwe, mabuloko aumbidwe msanga kuti apeze masiku othiriridwa, kwale ndi malata zifike msewu ukadali wouma. Tinasiyanso masiku opanda ntchito m'mwezi uliwonse, a maliro ndi zina zogwa mwadzidzidzi. Mayi wina anafunsa ngati zimenezo n'zololedwa kulemba papepala la ntchito. Ndinati n'zololedwa.

Bambo anagula kope lawolawo la hadikava pa Dedza boma. Loweruka lapitali ananditumizira chithunzi cha tsamba loyamba kudzera pa foni ya mlongo wanga. Alemba ndi zilembo zikuluzikulu: "Kwacha ndi nkhungu. Azimayi abwera 14. Mchenga ndowa 60. Ndayesa m'botolo, dothi ndi lochepa. Mawa tipitiriza."